Phunziro 6: Mpanda wa pakati pa magazi ndi ubongo

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa m'mene zinthu zimene timadya, kumwa ndi kupuma zimafikira ku ubongo, chifukwa chake zina zimafika msanga pamene zina zimakanika, ndiponso chimene tiyenera kuchita pamene matenda afika kumutu.

Mau oyamba

Tonse tinamuonapo munthu amene wamwa kachasu m'mimba mopanda kanthu. Sipapita nthawi, lilime lalemera, miyendo yayamba kukana. Wosuta fodya naye amamva kuti fodya wafika asanatulutse n'komwe utsi wachiwiri. Koma mwana wodwala matenda oumitsa khosi amagonekedwa m'chipatala masiku ambiri, akubayidwa mankhwala amphamvu m'mitsempha, kuti mankhwalawo afike kumene kuli matenda. Kodi kusiyanaku kukuchokera pati? Kachasu, fodya ndi mankhwala zonse zimayenda m'magazi amodzimodzi. Yankho lake ndi lakuti pakati pa magazi ndi ubongo pali mpanda, ndipo mpandawu umasankha.

Anautulukira bwanji?

Mu 1885 dokotala wina wa ku Germany, Paul Ehrlich, ankabaya nyama utoto m'mitsempha kuti aone kumene utotowo upite. Potumbula nyamazo anapeza kuti chiwindi, impso ndi ziwalo zina zasintha mtundu, koma ubongo uli mbee. Iye anaganiza kuti ubongo sugwira utoto basi. Wophunzira wake, Edwin Goldmann, amene anabadwira ku South Africa, anayesa njira ina mu 1913. Anathira utoto wobiriwira wotchedwa trypan blue m'madzi amene amazungulira ubongo ndi fupa la msana. Ulendo uno ubongo unagwira utoto, thupi lonse ayi. Apa zinaoneka poyera kuti ubongo utha kugwira utoto, koma pali china chimene chimatchinga pakati. Mai wina wasayansi, Lina Stern, akugwira ntchito ku Geneva, ndiye anachitcha mpanda mu 1921. Komabe panalibe amene anali atauona ndi maso kufikira 1967, pamene Thomas Reese ndi Morris Karnovsky anagwiritsa ntchito makina amphamvu oonera zinthu zing'onozing'ono ndi kuonetsa pamene mpandawo uli.

Dzina la utoto uja tilisunge. Tidzakumana nalo kumapeto.

Mpandawu ndi wotani?

Tisaganize za chikopa chokuta ubongo wonse ngati thumba. Magazi amalowa ndithu m'kati mwa ubongo, ndipo amalowa ambiri: pafupifupi magawo atatu mwa anai a lita imodzi pa mphindi iliyonse. Amayenda m'timitsempha tating'ono kuposa tsitsi, timene titati titilumikize tingatalike makilomita pafupifupi 600. Mpanda umene tikunenawu ndi khoma la timitsempha timeneti.

Khoma la kamtsempha kalikonse ndi lomangidwa ndi maselo, timatumba tamoyo timene timapanga thupi lonse. M'ziwalo zambiri maselo amenewa anaima ngati mpanda wa bango: nkhuku sidutsa, koma mphepo, fumbi ndi nyerere zimadutsa m'mipata. Mu ubongo maselo anamatirirana kolimba m'mphepete mwake, ngati nkhokwe yomatidwa bwino ndi dothi. Palibe mpata. Chilichonse chofuna kuchoka m'magazi kupita ku ubongo chiyenera kudutsa m'kati mwa selo lenilenilo: kulowa mbali ya magazi ndi kutulukira mbali ya ubongo.

Chifukwa chiyani ubongo uli wotetezedwa chomwechi? Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi, ndipo magetsiwa amadalira mlingo wa michere ina m'madzi owazungulira. Magazi athu amasinthasintha. Tikadya, tikathamanga, tikatuluka thukuta kudimba, mlingo wa zinthu m'magazi umakwera ndi kutsika. Madzi a mu ubongo akanati azisintha chimodzimodzi, bwenzi tikukomoka titangodya nthochi.

Zinthu zimene tikukamba pano ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene asayansi amati mamolekyulu. Madzi, shuga, mowa ndi mankhwala zonse ndi zopangidwa ndi tizidutswa totere, tina tating'ono, tina tokulirapo.

Zimene zimangolowerera

Tiyeni tiyese izi kukhitchini. Thirani mchere m'madzi, usungunuka. Thirani mchere womwewo m'mafuta ophikira, ukhala pansi. Zinthu zina zimagwirizana ndi madzi, zina ndi mafuta. Tsono khungu la selo lililonse ndi lamafuta. Chinthu chaching'ono chimene chimagwirizana ndi mafuta chimangolowerera m'khungulo ndi kutulukira tsidya lina, popanda wochitsegulira. Chimayenda kuchoka kumene chachuluka kupita kumene chachepa, monga fungo la utsi limadzaza nyumba.

Umu ndi m'mene mpweya wa okosijeni umalowera, ndipo ndi m'menenso mpweya wotha ntchito umatulukira. Ubongo umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, magawo awiri okha pa 100 a thupi la munthu wamkulu, koma umatha magawo 20 pa 100 a okosijeni yense amene timapuma. Ulibe posungira. Magazi akaleka kufika kumutu, munthu amakomoka pa masekondi khumi, ndipo pakapita mphindi zisanu maselo amayamba kufa. N'chifukwa chake mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni ndi Julaye imapha anthu ali m'tulo. Mpweya wochokera ku makala, umene ulibe fungo, umalanda malo a okosijeni m'magazi. Mpanda uli bwinobwino, koma magazi akufika opanda katundu.

Mowa umadutsa njira yomweyi. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri, kogwirizana ndi madzi ndi mafuta omwe, motero palibe khoma m'thupi limene limauletsa. Umafika ku ubongo patangopita mphindi zochepa, ndipo kwa mai woyembekezera umafikanso ku ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Nikotini wa mu fodya amachoka m'mapapo kufika ku ubongo pa masekondi 10 mpaka 20, ndipo kufulumira kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa kuti fodya avute kusiya. Mphamvu ya mu tiyi ndi khofi nayo imadutsa mosavuta. Ngakhale Piriton amene timamwa thupi likamayabwa amatiodzeretsa chifukwa amalowa mu ubongo. Mankhwala atsopano a vuto lomwelo, monga loratadine, salowa kwenikweni, motero saodzeretsa kwambiri. Woyendetsa galimoto kapena kabaza ayenera kudziwa kusiyana kumeneku.

Zipata za chakudya

Nanga shuga? Ubongo umadalira shuga wa mtundu wa gulukosi, amene thupi limapanga kuchokera ku nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga. Ubongo wa munthu wamkulu umatha magalamu pafupifupi 120 a shuga ameneyu tsiku lililonse. Mwa mwana wa zaka zisanu, ubongo umatenga magawo oposa 40 pa 100 a mphamvu yonse imene thupi lake limagwiritsa ntchito pa tsiku. Makolo ndi makomiti a sukulu alingalire chiwerengero chimenechi pamene akukambirana za phala la ana.

Koma shuga ali ngati mchere uja: amagwirizana ndi madzi, salowerera m'mafuta. Motero maselo a mpanda ali ndi zipata zakezake, zopangidwa molingana ndi maonekedwe a gulukosi monga loko ndi kiyi wake. Chipata chimenechi asayansi amachitcha GLUT1. Chimalandira kadutswa kamodzi ka shuga mbali ya magazi, n'kutembenuka, n'kukasiya mbali inayo. Chipatachi sichikoka, chimangopereka njira. Shuga akachepa m'magazi, ku ubongo kumafikanso wochepa. Munthu amatuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka, kenaka kukomoka. Odwala matenda a shuga amene abaya insulini osadya amazidziwa bwino zimenezi, ndipo kawirikawiri anthu amawayesa oledzera. Ngati akadali maso ndipo akutha kumeza, madzi a shuga amawabweza pa mphindi zochepa.

Palinso zipata za zakudya zomanga thupi, za mavitamini ena, ndi njira ina yapadera yolowetsera ayironi.

Nkhani ya kalongonda

Chipata chimayang'ana maonekedwe, sichifunsa cholinga cha wobwera. Choncho chitha kunamizidwa, ndipo chitsanzo chabwino tili nacho m'minda mwathu momwe.

Amai a ku Mulanje, Thyolo ndi madera ena a kummwera amadziwa kuti kalongonda saphikidwa ngati nyemba wamba. Amawiritsidwa nthawi yaitali, madzi n'kumatayidwa, kuthira ena, n'kutayanso. Wophika mothamanga amaledzeretsa banja lonse: kusanza, chizungulire, mtima kuthamanga, ena mpaka kuona zinthu zimene palibe. Makolo athu anadziwa kaphikidwe kake kalekale. Chimene chinadziwika pambuyo pake ndi chifukwa chake.

Mu kalongonda, ndi mwa m'bale wake chitedze, muli kanthu kotchedwa L-dopa. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi tizidutswa ta zakudya zomanga thupi, motero chipata cha zakudyazo chimakalowetsa ngati mwana wa pakhomo. Kakafika mu ubongo kamasanduka dopamine, chimodzi mwa zinthu zimene maselo a ubongo amatumizirana nazo mauthenga. Dopamine akachuluka mopitirira, maganizo amasokonezeka. L-dopa amasungunuka m'madzi, ndiye chifukwa chake kutaya madzi kumathandiza. Mu 1989, nthawi ya nkhondo ndi njala, anthu oposa 200 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anazunguzika mutu atadya nyemba za mtunduwu, popeza madzi ankasowa ndipo madzi ophikira sanatayidwe monga mwa masiku onse. M'chaka cha njala, pamene anthu amathamangira chilichonse chodyedwa, ndi pamene phunziro ili limafunika koposa.

Chodabwitsa n'chakuti kanthu komweka ndi mankhwala. Pali matenda a anthu achikulire otchedwa Parkinson, amene amanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi chifukwa dopamine wachepa mu ubongo. Kumubaya wodwalayo dopamine n'kosathandiza, pakuti dopamine sadutsa mpanda. Koma L-dopa amadutsa. Mu 1967 dokotala George Cotzias wa ku New York anaonetsa kuti odwala amene samatha kuyenda ankadzuka atamwa L-dopa pa mlingo woyenera, ndipo mpaka lero ndiwo mankhwala aakulu a matendawa. Mlingo ndiwo nkhani. Pasapezeke wina wopatsa agogo kalongonda wosapsa ati ndi mankhwala.

Nanga kusanza kuja kumabwera bwanji? Pali timalo tochepa mu ubongo timene tilibe mpanda. Kamodzi kali cha kunkhongo, ndipo ntchito yake ndi kulawa magazi. Kakamva chiphe, kamalamula mimba kuti ibweze.

Alonda obweza

Kwa zaka zambiri asayansi ankadabwa kuti mankhwala ena ogwirizana bwino ndi mafuta safikabe ku ubongo. Kenaka zinadziwika kuti m'maselo a mpanda muli timapampu timene timagwira chinthu chachilendo chikangolowa n'kuchibwezera m'magazi. Kodziwika kwambiri ndi P-glycoprotein.

Anthu a ku Thyolo, Mwanza ndi maboma oyandikana nawo akuwadziwa mapiritsi a Mectizan, amene agawidwa m'midzi kwa zaka zambiri pofuna kuthana ndi njoka zing'onozing'ono zoyabwitsa thupi ndi kupha maso. Mankhwalawa, amene dzina lake lenileni ndi ivermectin, amafoola mitsempha ya njokazo. Bwanji nanga safoola ifeyo? Chifukwa mwa munthu malo amene mankhwalawa angagwire ali kuseri kwa mpanda, ndipo alonda amawabweza. Izi zinaoneka mwangozi mu 1994 ku Amsterdam. Gulu la Alfred Schinkel linali ndi mbewa zimene zinabadwa zopanda kapampu aka. Mbewa zonse za m'nyumbamo zitapoperedwa ivermectin pofuna kupha tizirombo ta pakhungu, zopanda kapampu zinafa, zinzake zili gwa. Koma mlonda aliyense ali ndi polekezera. Mankhwala akachuluka kwambiri, ena amapulumuka n'kulowa. Ndiye chifukwa chake ogawa amayeza msinkhu wa munthu pa ndodo asanamupatse, ndipo sapatsa ana aang'ono kwambiri. Ivermectin wa ng'ombe si wa munthu.

Tikaphatikiza khoma lomata, khungu lamafuta ndi alondawa, timvetsa chifukwa chake matenda a mu ubongo ali ovuta kuchiza. Katswiri wina wa nkhaniyi, William Pardridge, anayerekeza kuti mankhwala 98 pa 100 alionse, ngakhale a tizidutswa tating'ono, safika ku ubongo pa mlingo wothandiza. Mpanda sudziwa kuti uyu ndi dokotala.

Mpanda ukagumuka

Pa matenda oumitsa khosi, tizirombo timafika m'zikopa ndi m'madzi ozungulira ubongo. Kutupa kumene kumatsatira kumamasula pang'ono maselo a mpanda, ndipo penisilini, amene masiku onse salowa kwenikweni, amayamba kulowa. Wodwala akayamba kupeza bwino, mpanda umatsekanso, mankhwala n'kumalowa ochepa, pamene tizirombo tina tikadalipo. Apa ndi pamene achibale ena amati mwana wachira, tizipita kumudzi. Tisatero. Masiku amene adokotala anena akwane.

Mwana wakhanda ali ndi vuto lakelake. Chikasu chikakula m'masiku oyamba, chinthu chachikasu chimene chili m'magazi chitha kulowa mu ubongo ndi kusiya mwana wosamva kapena wopuwala moyo wake wonse. Khanda lochita chikasu pa tsiku loyamba, kapena limene chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, kapena limene laleka kuyamwa, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amaligoneka pansi pa nyali yobiriwira imene imasintha chikasucho kuti chituluke m'thupi.

Koma mdani wamkulu wa ana athu ndi malungo a mu ubongo. Ambiri timaganiza kuti tizirombo ta malungo timalowa mu ubongo. Sitilowa. Timakhala m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amakakamira m'makoma a timitsempha tija, ngati zinyalala zotseka ngalande. Magazi amayenda movutika, khoma limayamba kuchucha, ndipo ubongo umatupa. Zambiri zimene dziko lonse likudziwa pa matendawa zinaphunziridwa kuno kwathu. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzao pa chipatala cha Queen Elizabeth anafalitsa njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa ana, ndipo njirayi imadziwika ndi dzina la Blantyre m'maiko ambiri. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake, atajambula mitu ya ana 168 pa chipatala chomwechi, anapeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umapanikiza malo amene amalamula kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma.

Tsono mwana wotentha thupi akayamba kukomoka, kapena kugona osadzutsika, si nthawi yoitana akuluakulu kuti afufuze amene wamulodza. Timugoneke chammbali. Tisamuthire phala, madzi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa, pakuti zitha kulowa m'mapapo. Tithamange naye kuchipatala. Kumene kuli kutali, alangizi a zaumoyo amene ali ndi artesunate woika kumbuyo atha kumuika mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi, koma ameneyu ndi wongogulira nthawi ya ulendo. Kuchipatala adzamuyezanso shuga, chifukwa malungo amatsitsa shuga m'magazi, ndipo taona kale chimene chimachitika zipata za shuga zikasowa cholowetsa.

Kaodzera

Tibwerere ku utoto uja. Unatchedwa trypan blue chifukwa unali m'gulu la mautoto amene ankayesedwa pofuna kupha tizirombo ta trypanosoma, timene timayambitsa kaodzera. Anthu okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza ku Rumphi, kumene kuli kashembe, akuwadziwa matendawa. Poyamba tizirombo timakhala m'magazi, ndipo munthu amangomva ngati malungo. Pakapita milungu yochepa timaboola mpanda. Apa wodwala amagona usana, usiku osagona, khalidwe limasintha, ndipo popanda mankhwala amafa pasanathe miyezi yambiri.

Kwa zaka zambiri mpanda ndiwo unkalamula mankhwala oti munthu alandire. Suramin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1920, amapha tizirombo m'magazi koma salowa mu ubongo. Choncho wodwala aliyense ankabayidwa pamsana kuti aone ngati tizirombo tawoloka. Ngati tawoloka, panali mankhwala amodzi okha, melarsoprol, amene anatuluka mu 1949. Amenewa amalowa mu ubongo, koma ali ndi chiphe cha arsenic, ndipo ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 alionse amene alandira. Madokotala ankabaya akudziwa zimenezi, chifukwa kusabaya kunali imfa yosakayikitsa.

Kuyambira mu 2019 mapiritsi otchedwa fexinidazole anayesedwa pa odwala a pa chipatala cha Rumphi ndi cha Lwala ku Uganda. Mapiritsiwa amamwedwa masiku khumi pamodzi ndi chakudya. Thupi limawasandutsa tizidutswa timene timadutsa mpanda, motero amagwira ntchito m'magazi ndi mu ubongo momwe. Mu 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linawavomereza kuti akhale mankhwala oyamba a kaodzera wa mtundu wa kuno kwa odwala a zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, olemera makilogalamu 20 kupita m'tsogolo. Ana aang'ono kuposa pamenepa akudalirabe mankhwala akale aja. Munthu wa m'madera amenewa amene wamwa mankhwala a malungo koma osachira, auze adokotala kuti amakhala kapena kulima pafupi ndi nkhalango, kuti amuyeze magazi tizirombo tisanawoloke.

Zokambirana m'magulu

Wotsogolera agawe anthu m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, amai ndi abambo pamodzi.

1. Kodi kwathu kuno mwana akakomoka, amayamba kuchita chiyani anthu? Ndani amalamula kuti apite kuchipatala, ndipo ngati iyeyo palibe zimatha bwanji?
2. Amai amene amaphika kalongonda afotokoze kaphikidwe kake. Kodi achinyamata akukadziwa?
3. Kuchokera pamudzi pano kukafika kuchipatala usiku ndi maola angati, ndipo njinga kapena ngolo yake ndi ya yani?